Namwino Amene Anayamba Kuopa Manja Ake

Chizindikiro choyamba ndinachiona pa nthawi ya chakudya. Akazi anga anakana kusamba m'manja m'beseni lomwe tonse tinkasambiramo. Anatunga madzi awoawo, nakadyera kukhitchini. Munali mu Januwale, chaka chimene kolera inavuta kuno.

Iwo anali namwino pachipatala china chaching'ono cha ku Lirangwe, ine ndinali kalaliki pabwalo la ndege ku Chileka. Kuchipatalako odwala ankagona m'matenti, ena pansi. Munthu akamwalira, lamulo linali loti asasambitsidwe, akulungidwe m'pulasitiki n'kuikidwa tsiku lomwelo. Wouza anamfedwa zimenezi anali akazi anga. Tsiku lina anamwalira mayi amene ankaimba naye kwaya. Amayi a kutchalitchi anabwera ndi ndowa ndi nsalu kudzasambitsa mnzawo. Akazi anga anawabweza pachipata.

Mvula itasiya kolera inatha, koma iwo sanabwerere mwakale. Ankasamba m'manja ndi mankhwala mpaka khungu kung'ambika. Moni wa dzanja anausiya. Mwana wathu wotsiriza, Tamanda, anali akukwawa. Akalira, amayi ake ankangoima pakhomo, manja kumbuyo. Akazi angawo anaonda kwambiri. Ine ndinkawagulira mankhwala a malungo, achibale ankati awalodza. Masiku amenewo wantchito wa boma sankadandaula poyera, choncho tonse tinakhala chete.

Mu Juni tinapita kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Tinadikira pabenchi mpaka masana. Anawayeza magazi, sanapeze kanthu, anati tidzabwerenso. Titabwereranso, dokotala wina anaona manja aja ndipo anawasiya afotokoze zonse. Kenako anati, “Asisitala, iyi si misala. Mwatopa, komanso mnzanuyo simunamulire.”

Anawalembera tchuthi ndi mapiritsi, ndipo tinkapitako mwezi uliwonse. Patapita nthawi anavomera kuti tikapepese maliro aja. Mchemwali wa malemu anawagwira manja onse awiri, iwo sanawachotse. Analira nthawi yaitali.

Kuchira kunachedwa. Tsiku limene anamunyamulanso Tamanda, mwanayo n'kuti akuthamanga kale, ndipo poyamba anawakana.

Lero ali bwino ndipo akugwira ntchito, ngakhale mitambo ya mvula yoyamba imawasowetsabe mtendere. Inu amene muli ndi namwino pakhomo, mukaona wasintha, musadikire monga tinachitira ife. Pitani naye msanga kwa dokotala. Iye yekha sanganene kuti wadwala. Anazolowera kukhala wofunsa odwala, osati wofunsidwa.