Mkono Wophunzirirapo Udokotala

Katatu pa sabata ndimagona moyandikana ndi mkulu wina m'chipinda chosefera magazi cha odwala impso. Kale anali telala. Madzi akumwa amachita kuyeza pa kachivindikiro ka botolo, ndipo amakonda kusisita mkono wamanzere, pomwe madokotala analumikiza mitsempha yobayapo masingano. Pamalopo pamanjenjemera ngati foni ikuitana. "Pakadzangoti zii, zanga zada," amatero.

Ophunzira udokotala akabwera ndi aphunzitsi awo, enafe timafunda kumutu, koma iwo amatambasula mkonowo. "Gwirani, ana anga, izi m'buku simungazimve."

Lachitatu lina, mtsikana wina mwa ophunzirawo anagwira kwa nthawi yaitali, kenako anati chapansipansi, "Pepani bambo, sindikumva kanthu."

Mkuluyo anadzigwira okha pamkonopo, ndipo panalidi zii. Aphunzitsi atapima, anapeza kuti magazi ayamba kuundana.

Akuwakankhira ku opaleshoni, mkuluyo anauza mtsikanayo, yemwe tsopano ankalira, "Wachita bwino osandinamiza, mwana wanga."

Masiku awiri sindinadye bwino. Lachisanu mkuluyo anatulukira mkono uli m'bandeji, ndipo asanakhale n'komwe pansi anafunsa namwino, "Dokotala wanga uja wabwera?"