Kachitsulo Kamene Kanatsala

Bambo anga anakhala m'dzenje zaka zambiri kuposa zimene ine ndakhala pabanja. Ndikati m'dzenje ndikunena dzenje lochekera matabwa. Chipika cha paini amachigoneka pamwamba, munthu mmodzi amaima pachipikapo, wina amalowa pansi, n'kumakokerana sowo yaitali kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Bambo anali wapansi. Wapansi ndiye amadya utuchi wonse, chifukwa amayenera kuyang'ana kumwamba kuti sowo isaphonye mzere. Pofika chaka chimene mayi anatisiya, maso a bambo anali ofiira nthawi zonse, ndipo ankandizindikira ndi mawu, osati nkhope. Koma Lolemba lililonse ankanyamulabe sowo yawo kulowera m'tsinde mwa Phiri la Dedza, kaya kuli chifunga kaya kuli mvula.

Ine ndine kalipentala wa zitseko ndi mabenchi, ndipo shedi yanga ili kuseri kwa nyumba. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi basi: bambo atuluke m'dzenje maso asanatheretu. Kuwauza kunali kutaya malovu chabe. Ankangoyankha kuti, "Ndikasiya ine, matabwa ako uziwatola kuti?"

Ndiye ndinaganiza zowayankha ndi makina. Ndinapeza makina ochekera matabwa a patebulo kwa munthu wina ku Lilongwe amene anabwera nawo kuchokera ku Joni. Anali ogwirapo kale ntchito, omasulamasula, ndipo pepala lofotokoza kamangidwe kake linasowa kalekale. Maganizo anga anali oti ndizigula mapulanga okhuthala kwa ocheka ndi makina akuluakulu, ine ndiziwang'amba ndekha pakhomo mmene ndikufunira. Pamenepo bambo akanasowa chonamizira.

Kumanga makinawo kunanditengera masiku awiri. Ndinayamba ndi miyendo inayi, kenako tebulo lake lachitsulo, lolemera moti ine ndi akazi anga tinachita kulikweza tikupumira. Mota imalendewera kumbuyo, ndipo kulemera kwake ndi kumene kumakunga lamba. Zimenezi ndinazitulukira nditamanga chagada kawiri. Sowo yake ndi yozungulira, imatulukira pakati pa tebulo ukapukusa chogwirira. Pambali pali chitsulo chachitali chimene thabwa limatsamira kuti lidulike mowongoka. Chimenecho ndinalimbana nacho theka la tsiku, kuyeza kutsogolo, kuyeza kumbuyo, mpaka chinagwirizana ndi sowo.

Nditamaliza, m'katoni munatsala kachitsulo kamodzi. Kanali kaphanthiphanthi, kopindika ngati zenga, kokhala ndi mabowo awiri kumunsi. Ndinakatembenuza uku ndi uku, osaona pokaika. Makina anali akulira kale bwinobwino. Ndinati mwina ndi ka makina ena, kanangolowa m'katoni mwangozi. Pakhomo pathu chitsulo sichitayidwa. Akazi anga anakatola, n'kukamangirira pampini ndi mphira, ndipo kanasanduka chokumbira kachewere kudimba. Ankakayamikira kwambiri kuti sikabaya mbatata.

Bambo sanalowe m'shedimo ngakhale kamodzi. Akabwerako kuphiri, ankakhala pakhonde n'kumamvetsera. Tsiku lachitatu ndikutuluka, utuchi uli mbuu m'mutu, anandiitana.

"Iwe, makina akowo nthawi zina akumalira ngati sowo yopanidwa. Chikhomo ukumakhoma?"

M'dzenje, sowo ikalowa ndithu m'chipika, amakhoma kamtengo kosongoka mumng'alu kumbuyo kwake kuti mbali ziwirizo zisabwererane n'kupana sowo. Chikhomo chake ndi chimenecho. Ndinakula ndikuziona, ndipo ndili mwana ndinkawasemera ndine.

Ndinaseka. "Ababa, awa ndi amagetsi, alibe za zikhomo." Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma pakamwa panga sipachedwa, ndinawonjezera kuti, "Za m'dzenje zisiyeni m'dzenje momwemo."

Lolemba anadzuka m'mamawa kuposa masiku onse n'kunyamula sowo yawo. Mpaka lero mawu amenewo amandichititsa manyazi.

Kwa milungu iwiri zinthu zinayenda, chifukwa ndinkacheka matabwa ouma amene anagonera m'shedi. Ndinayamba kudziona ngati katswiri. Kenako ndinagula mapulanga a paini ongochekedwa kumene, m'nyengo ya mvula, olemera ndi madzi, utomoni ukuchita kumata m'manja. Paini wamuwisi ali ndi khalidwe lake. Ukamung'amba, amafuna kubwererana.

Linali Loweruka, chakumasana. Ndinakankha pulanga loyamba, linalowa mpaka pakati, ndiye kulira kwa makina kunasintha. Ndisanaganize n'komwe, pulanga lija linanyamuka n'kundibwerera. Linandimenya m'munsi mwa nthiti, n'kupitirira kukaboola lata la kukhoma. Ndinapezeka ndakhala pansi, mpweya osabwera. Nditayang'ana manja anga ndinawerenga zala. Zinali zonse khumi, koma dzanja lamanja linadutsa pafupi ndi sowo moti mkono wa malaya unang'ambika.

Munthu woyamba kufika anali bambo, akupapasa khoma. "Zimitsa, uzule ndi chingwe chomwe," anatero. Sanandifunse ngati ndavulala, anamva kuti ndikupuma. Sowo itaima anayamba kuyendetsa dzanja patebulo pang'onopang'ono, monga ankachitira pofufuza mfundo pachipika. Anakhudza mano a sowo, kenako analowetsa zala pampata wa kumbuyo kwake.

"Pano pali mabawuti awiri amene sanagwire kanthu. Panali chinthu apa. Chili kuti?"

Ndinawauza za kachitsulo kaja. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, kapena andikumbutsa kuti safunsa anadya phula. Iwo anangotenga ndodo yawo n'kutsikira kudimba. Akazi anga anandiuza pambuyo pake kuti bambo anaima patali, m'mphepete mwa mizere, monga amachitira ndi mpongozi, n'kunena kuti, "Pepani mayi, mundibwerekeko khasu lanu latsopanolo. Likufunika kwa eni ake."

Anabwera nako kali ndi matope. Anamasula mphira, anakatsuka, n'kukagoneka patebulo lachitsulo kuti amve ngati kanapindika. Kanali kowongoka. Mabowo ake awiri analowa m'mabawuti aja ngati mmene phazi limalowera m'nsapato yake. Ine ndinagwira sipanala, iwo anapana sowo ndi kachitsuloko pakati pa zala ziwiri, kumandiuza kuti, "Kankhira kuno pang'ono. Wapitirira. Bweza. Manga pamenepo." Kanaima kumbuyo kwa sowo, mzere umodzi ndi iyo, kuti thabwa likang'ambika kazilowa mumng'alu.

"Ndi chikhomo ichi," anatero bambo. "Kungoti anzathuwo anachipanga chachitsulo."

Nthiti zikundiwawa choncho, anandiuza kuti nditenge pulanga lina lamuwisi lomwelo. Ndinali ndi mantha, sindibisa. Anandiimika chammbali, osati kumbuyo kwenikweni kwa thabwa, n'kundisemera kamtengo kokankhira kuti dzanja lisafike kusowo. Iwo anazungulira kukaima kutsidya kwa tebulo, kolandirira. Pulanga linadutsa mosakakamira, n'kufikira m'manja mwawo lili mbali ziwiri. Tinacheka asanu ndi limodzi tsiku limenelo. Pomaliza anapukuta kumaso ndi chikhatho, n'kupeza kuti kulibe utuchi. Wonse unali pansi pa tebulo.

Sindinapepese za mawu aja. Kwathu mwana wamwamuna ndi bambo ake sadziwa kuyambitsa nkhani zotero, ndipo ndimadandaula kuti sindinayese. Lamulungu lonse ndinakhala ndikuyang'ana sowo yawo yaitali itapachikidwa pakhonde, osadziwa kuti kukacha zikhala bwanji.

Lolemba m'mawa kunali chifunga. Mnzawo wapamwamba uja, amene anakokerana naye sowo zaka zonsezo, anafika pachipata monga mwa masiku onse n'kuodira. Ine ndinali m'shedi, ndinasiya zimene ndinkachita n'kumvetsera. Ndinamva bambo akutsitsa sowo pakhoma, mtima wanga unagwa. Anayenda nayo mpaka pachipata.

"Tengani, achimwene," anatero. "Mupeze wina wapansi. Mwanayu ndikamusiya yekha ndi makinawa adzipha."

Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, ndi ana anga anayi. Ndinapukuta m'maso ndi mkono wong'ambika uja, n'kukawasunthira mapulanga kuti apeze poima.