Makina Sadziwa Kupirikitsa Nkhuku

Anaphiri, maso anga afooka. Mwana wathu Agnesi analemba mizere yochepa pagalasi lakuda la kompyuta, makinawo n'kuyamba kuwerenga Uthenga Wabwino mokweza, ndipo mawuwo anandisungira m'foni. Amawerenga bwino, osaphonya, osapuma. Koma inu simunkawerenga chotero. Ndikukumbuka m'mawa wina wozizira ku Mphunzi, m'masiku a makadi a chipani, mukundiwerengera fanizo la wofesa mbewu pakhonde. Mutafika pa mbalame zotola mbewu, munakuwa kuti, "Bambo a Agnesi, nkhuku zikutha mphale pamphasa, inu mwangokhala!" Ndinathamanga ndi ndodo, inu mukuseka.

Mawu anu sitinawasunge paliponse, ndipo ayamba kundithawa m'makutu. Tsono makinawo akafika pa mbalamezo, ndimawaimitsa, n'kudikira kuti mundikalipirenso.