Zipinda Zodikira Sitima ya Pamadzi

Ng'ombe zimene ndinayenera kulowolera mkazi zinabwera pakhomo pathu chifukwa cha mlongo wanga. Kwathu ku Ndamera zimayenda choncho: mtsikana akakwatiwa, ng'ombe za malowolo ake zimalowa m'khola la bambo ake, ndipo mlongo wake wamwamuna ndi amene amadzakwatirira. Mudzi wonse unkadziwa kuti ng'ombe zija ndi zanga. Mtsikana ndinali naye kale, wa mudzi woyandikana nafe, wamfupi, wosachedwa kuseka, amene ankagulitsa mbatata pamsika wa kumalire. Akwawo anali atatilandira. Ankhoswe anali atakhalirana pansi n'kugwirizana kuti tikangokolola mapira, ng'ombe zipite.

Chaka chomwecho anayamba kumanga doko pa boma la Nsanje.

Baba ankagona kumudzi, koma mtima wawo unali pa boma. Ankakonda kunena kuti tauni ija simalima, simawedza, imadya za anthu odutsa. Mbiri yake ankayidziwa ngati ya m'bale wawo. Nthawi ya agogo awo, sitima za pamadzi zinkakwera Shire kuchokera ku Zambezi kudzatenga thonje. Kenaka kunabwera njanji, amwenye n'kutsegula masitolo, ndipo Baba ali mnyamata ankasenza mabelo a thonje kukweza m'mabogi. Amwenye anadzachoka. Nkhondo itavuta ku Mozambiki, othawa kwawo anadzaza paliponse, malole a ufa ndi nyemba ali piringupiringu, moti aliyense wokhala ndi khonde anali ndi chogulitsa. Nkhondo itatha anthu aja anabwerera kwawo. Madzi anakokolola mlatho wa njanji kumtunda, sitima ya pamtunda n'kuleka kubwera. Tauni inangotsala ndi dzuwa, mbuzi, ndi anthu a m'maofesi opempherera kuti awasamutse.

"Nthawi zonsezi ine ndinkasenza katundu wa eni ake," ankatero Baba. "Ulendo uno sitima idzandipeza ndili ndi makiyi m'manja."

Ine ndinkangoyesa nkhani za akuluakulu. Tsiku lina m'mawa anandipeza kukhola ndikutsegulira ng'ombe.

"Usazitulutse, lole ikubwera," anatero. "Ndagulitsa."

Sananene kuti ndikufuna kugulitsa. Anati ndagulitsa.

"Baba, ng'ombe zanga zomwezi? Nanga kwa apongozi mukanenako chiyani?"

"Adikire. Chaka chimodzi chokha. Ndagula malo pa boma, timanga zipinda zogona alendo. Anthu a m'sitima akagona mwezi umodzi, udzalowola ndi ng'ombe zonenepa kuposa mafupa awa."

Ndinapsa mtima tsiku limenelo, sindinama. Ndinalalata mpaka oyandikana nafe anatuluka m'nyumba. Baba ndinawauza kuti ngati akufuna sitima aikwatire iwowo. Mai anangondigwira mkono. Lole inabwera, ogula a ku Blantyre anakweza ng'ombe, ndipo ine ndemwe ndinawathandiza kukankha yomaliza, chifukwa inkangomvera mawu anga. Ndikakumbukira bwino, kameneko kanali komaliza kukwiya kwenikweni pa moyo wanga.

Tinasamukira pa boma, Baba ndi ine. Njerwa ndinaumba ndekha, dzuwa la kuno likundiwotcha msana. Tinamanga mdadada wa zipinda m'mbali mwa msewu wopita kudoko, n'kupaka penti ya buluu. Baba anaitana wojambula kuti ajambule sitima pakhoma. Munthuyo sitima ya pamadzi anali asanaionepo chibadwire. Anajambula bwato lalikulu lokhala ndi chumuni ndi mawindo a minibasi. Baba anati zili bwino, eni ake akadzafika adzatiuza pokonza.

Musaganize kuti openga tinali ife tokha. Tauni yonse inali itadwala matenda omwewo. Wina anamanga bala, wina malo odyera, wina anagula firiji nyumba yake ilibe magetsi. Mapuloti a thengo lokhalokha anthu ankalimbirana. Anyamata a kabaza ankayeserera Chingerezi ndi Chipwitikizi choti adzalankhule ndi amalinyero.

Tsiku lotsegulira doko tinapita tonse. Kunali magule, mbendera, magalimoto a akuluakulu, fumbi lokhalokha. Tinaima pasimenti yatsopano maso ali kumunsi kwa mtsinje. Baba anavala jekete, kutentha konse kuja. Tinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Chimene chinatsika ndi madzi ndi namasupuni basi, ndipo chimene chinakwera ndi asodzi awiri m'bwato, odabwa kuti khamu lonseli likuyang'ana iwo. Ena anati sitima yaimitsidwa tsidya la malire. Ena anati mtsinje wadzaza mchenga. Ine sindikudziwa, ndipo ndinasiya kufunsa. Tinabwerera kunyumba, Baba n'kundiuza kuti ndisese zipinda chifukwa mwina ifika mawa.

Ndinasesa. Mapira anakololedwa, n'kudzalidwanso, n'kukololedwanso.

Akwawo kwa mtsikana uja sanali anthu oipa. Anadikira kuposa mmene ine ndikanadikirira. Koma nayenso anali ndi mlongo wake wamwamuna amene ankayembekezera ng'ombe zomwezo kuti akwatire, ndipo kumene mnyamatayo anafunsira nakonso kunali wina wodikira. Ng'ombe zimene zinakwera lole zija zinaimitsa maukwati a anthu amene sindinawaonepo n'komwe.

Tsiku lina masana mtsikanayo anabwera yekha pa kabaza. Anandipeza ndikuthira madzi pansi kuti fumbi ligone. Anakana kukhala.

"Iwe, undiuze zoona," anatero. "Ndidikire kapena ndisadikire?"

Ndinatsegula pakamwa, ndipo mawu amene anatuluka anali a Baba. Ndinati, "Akuti sitima ikubwera."

Anayang'ana chithunzi chapakhoma chija, n'kuseka pang'ono. Sikunali kuseka kwake kuja ndinkakudziwa. Anakwera kabaza yemwe uja n'kubwerera.

Patapita miyezi ankhoswe anabwera mwaulemu wonse kudzatiuza kuti mwana wawo wapeza pokhala. Anakwatiwa ndi munthu wogula nsomba wa kufupi ndi malire, wa njinga yamoto ndi khola lake. Ndinkayembekezera kuti ndilira, kapena ndiswa kanthu. Ayi ndithu. Ndinawathira madzi akumwa, ndinawaperekeza mpaka pamsewu, n'kubwerera kudzamaliza kuchapa mashiti amene panalibe anagonapo. M'chifuwa munangoti zii, ndipo mpaka lero muli choncho.

Zipinda zija sizinakhale zopanda anthu, nanga kuno madzi amalephera kusefukira? Shire akadzaza, abale a kudambo amafika ndi mphasa, nkhuku ndi ana, ndipo m'bale sungamuuze za lendi nyumba yake ili pansi pa madzi. Madzi akaphwa amapita, n'kutisiyira makoma akuda ndi utsi. Anthu a mabungwe obweretsa thandizo amagona kwina, kumene kuli mafani. Ife timalandira odikirira odwala kuchipatala, ogula nsomba amene minibasi yawasiya, ndi ena obwera awiriawiri masana amene sindiwayang'ana kumaso. Kudoko kuja amayi amayanikako zovala, asodzi amamangirirako mabwato. Mai anamwalira kumudzi. Baba maso anachita khungu, ndipo ankangokhala pakhonde pampando wa pulasitiki. Ine sindinakwatire. Si kuti ndinalumbira, kungoti sindinaganizenso zoyamba.

Chaka chatha, mwezi wotentha uja mvula isanagwe, njinga yamoto inaima pakhomo. Anatsika mwamuna wonenepa, ndi mayi atabereka mwana wamkulu ndithu, woti akanatha kuyenda yekha akanakhala bwino. Mayiyo ndinamuzindikira asanatembenuke. Anali iye uja. Mwana anali ndi malungo, kuchipatala anamubaya jekeseni n'kuwauza kuti abwerenso mawa m'mawa, ndiye kumudzi kunali kutali. Mwamunayo sankandidziwa. Anandifunsa ngati pali chipinda, n'kusiya mkazi wake pakhonde kuti iye akagule chakudya kumsika.

Baba anamva mawu achilendo, nkhope yawo n'kuwala.

"Alendo! Iwe, tsegula chipinda chakumapeto, chija cholowa mphepo. Mayi, takulandirani. Mwachokera kuti?"

Iye anagwada pang'ono, mwana ali kumsana, n'kutchula mudzi wa kwa makolo ake.

"Aa, kumeneko ndi kwathu komwe!" anatero Baba, akuseka. "Mwana wangayu anatsala pang'ono kukwatira kumeneko. Koma mtsikana wake anali wopupuluma, sanathe kudikira. Ana a masiku ano! Akanapirira pang'ono, bwenzi nyumba yonseyi ili yake."

Ndinaima ndi makiyi m'manja. Ndinadikira kuti mwina magazi andithamanga, kuti mwina ndiwakalipira Baba monga ndinachitira kukhola kuja. Palibe chinabwera. Ndinkangomva kutentha kwa simenti kumapazi.

Iye sanandiyang'ane. Anakonza nsalu imene anaberekera mwana, n'kunena motsitsa mawu, "Anadikira, Baba. Ndimamudziwa mtsikanayo. Anadikira ndithu."

Baba anapukusa mutu ngati munthu amene akudziwa bwino nkhani yake kuposa mlendo.

Ndinatsegula chipinda. Analowa, n'kugoneka mwana pabedi, n'kumukhudza pamphumi. Kenaka anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana m'maso.

"Achimwene," anatero, "mungandipezereko madzi ozizira? Thupi lake latentha kwambiri."

Ndinati chabwino, mayi. Ndinatenga ndowa n'kupita kumjigo, ndipo ndinapeza mzere wautali, ndiye ndinaima kumbuyo.