Galimoto ya eni pa chithunzi chanu

Abale anga, ndipemphe chinthu chimodzi. Mukadzola mafuta oteteza khungu ku dzuwa aja, amene kuno timati sansikirini, musamatsamire galimoto ya munthu. Ndipo mukaitsamira n'kudzijambulitsa, musamatumize chithunzicho kumudzi osanena kuti galimotoyo ndi ya eni. Ndikulemba izi mtima ukuwira, chifukwa sabata ino galimoto yanga yaika pachiswe ntchito ya mphunzitsi wina ku Ntcheu, mwini galimotone osadziwa kanthu.

Lamlungu lapitali dzuwa linawala ngati laiwala kuti kuno ndi ku Wolverhampton, ku Ulaya kozizira. Titaweruka kutchalitchi tinatengana ulendo wa ku paki, wina ndi nkhuku zootcha, wina ndi mandasi. Ine, poti ndine namwino, ndi amene ndinaumiriza anthu kudzola sansikirini. Ena ankakana, amvekere, "Ife akuda dzuwa silitiotcha." Ndinawauza kuti khungu ndi khungu, n'kuwapatsa botolo langa lomwe. Ndikanadziwa!

Galimoto yangayo ndi yakuda. Si yapamwamba ayi, kungoti ndimaisamala. Koma tsiku limenelo inasanduka malo ojambulitsira zithunzi. Uyu wagwira chitseko, uyo wakhalira boneti, winayo wayala dzanja pa galasi lakutsogolo, mwendo atapinda, kiyi wa nyumba akumuzunguliza pachala kuti aoneke ngati wa galimoto.

Lolemba m'mawa ndinapeza zikhatho zoyera mbee paliponse, zala zonse zikuoneka bwinobwino. Nditathira madzi zinazimirira, koma pouma zinabwereranso. Pa galasi ndiye panali poipa zedi. Mawaipa ankangopaka mafutawo uku ndi uku, dzuwa likawomba kutsogolo kumangoti mbuu ngati chifunga. Ndinakafika kuntchito ndikuyenda pang'onopang'ono, khosi nditasolola, am'mbuyo akundiimbira mahutala.

Madzulo ndinadandaula pa gulu lathu la tchalitchi la pafoni. Anthu amene amayankha "Ameni" ngakhale pa uthenga wa nyengo, tsiku limenelo onse anali zii.

Amene anabwera ndi mmodzi yekha, Tadala, mtsikana wa ku Ntcheu amene anafika chaka chatha pa viza yosamalira okalamba. Anandipeza pakhomo panga, m'dera la Whitmore Reans, Lachitatu masana.

"Anti, sore kwambiri, manja enawo ndi anga," anatero uku akupisa m'chikwama. "Ndabwera ndi sitiliwulu, tikwecha pompano ziyere."

"Iwe! Galimoto si poto. Bwezera m'chikwama msanga!"

Akanandipeza kulibe, bwenzi lero ndikulemba nkhani ya maliro a penti.

Galimotoyo tinaikokera pamthunzi, chifukwa pa chitsulo chotentha mafuta amenewa amangokanirira. Tinayamba ndi sopo wa galimoto, madzi ofunda ndi nsalu yofewa. Galasi tinalipukuta ndi viniga wosakaniza ndi madzi, mawaipa omwe. Pamene penti inakanabe kuyera tinadontheza polishi pang'ono n'kumazunguliza nsalu mofatsa, chikhatho chimodzichimodzi. Ndi ntchito yofuna kudekha, osati mphamvu.

Tili m'kati mopukuta, foni ya Tadala inalira. Anali amayi ake, pa vidiyo.

"Eee, mwanangu, uli pa galimoto yako ija? Ukuitsuka? Tandionetsa bwino, azimayi anzanga kutchalitchi ena sakukhulupirira."

Tadala anandiyang'ana, n'kuyang'ana pansi.

"Ndiye mkulu wako Chikondi chithunzi chija chamuzunguza mutu," anapitiriza amayiwo. "Wawauza kale a hedi kusukulu komwe amaphunzitsa kuti temu ino ndi yomaliza. Akuti choko chamukwana. Wapeza munthu womukonzera mapepala, nayenso akubwera konko."

Ndinasiya kupukuta.

Ine Tadala ndimamudziwa. Amagona chipinda chimodzi ndi anzake awiri, m'nyumba ya chinyezi. Bwana amene anamuitana kuno anamulonjeza ntchito ya tsiku ndi tsiku, koma pano amamuimbira akafuna, sabata zina osamuimbira n'komwe. Sangadandaule, poopa kuti viza yake ili m'manja mwa bwana yemweyo. Ineyo ndinamutengapo pa galimoto yomweyi kupita kumalo kumene amagawa zakudya kwa osowa, iye atavala chipewa chophimba nkhope. Ndiye mayi wa ana, mphunzitsi wokhala ndi nyumba ya pasukulu, asiye zonsezo kuti adzagawane naye matiresi?

Kodi tinalodzedwa ndani ife?

Tikafika kuno timangojambulitsa pa zinthu za eni. Pa galimoto ya eni, pa geti la eni, pakhomo pa sitolo yodula m'tauni ya Birmingham, titanyamula jumbo yopanda kanthu. Ndani anatumizapo kumudzi chithunzi ali pa siteji ya basi mu Januwale, mvula ikumukwapula, manja atauma gwaa? Ndani anajambulapo nkhungu ya pakhoma la chipinda chake? Palibe. Ndipo si obwera kumene okha. Alipo akale kuno, a imvi zawo, amene amabwereka jekete kuti ajambulitse.

Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma mkuyu suimba foni kuitana anthu. Ife timaitana. Chithunzi chimodzi chimayenda kuchokera pa foni ya amayi kupita kwa azakhali, kwa a neba, mpaka kwa mphunzitsi amene watopa ndi kalasi yodzadza ana. Akamafika akathyali olonjeza mapepala aja amapeza munda titawalimira kale ife.

Mundiuza kuti munthu amafuna kusangalatsa makolo ake, asamade nkhawa. Ndikumva. Inunso akumudzi muli ndi mlandu wanu, chifukwa mwana akayamba kudandaula mumamudula pakamwa, mumvekere, "Uli ku Ulaya iwe, uziyamika Mulungu." Koma chisangalalo chanji chimene mapeto ake n'kugwetsera m'bale wako m'dzenje lomwe wagweramo iwe?

Ndinamuyandikira Tadala n'kumunong'oneza. "Auze galimotoyi ndi ya ndani. Ukapanda kutero ndiwauza ndine."

"Anti, pliz, adzakhumudwa."

"Akhumudwe lero, Chikondi adakali pa ntchito."

Anatembenuzira foni kwa ine. "Amayi, awa ndi anti akutchalitchi. Galimotoyi ndi yawo, ine ndilibe. Ndimakwera basi." Anatembenuziranso foni kwa iye mwini. "Mashifiti akumandikansela, mwezi uno sindinagwire bwino. Achemwali asasiye ntchito, chonde. Kuno si mmene ndinakuonetserani."

Ndinkayembekezera kuti amayiwo akalipa, kapena ayamba kudandaula za manyazi amene achite pamaso pa azimayi anzawo aja. Koma atayankhula, mawu awo anali otsika.

"Nanga ukudya, mwanangu?"

Tadala anakhala pansi pamsewu pomwepo n'kuyamba kulira. Inenso misozi inalengeza, ngakhale mkwiyo unali usanathe. Amayiwo anati apita okha kwa Chikondi tsiku lomwelo, akamuperekeze kwa a hedi kukabweza mawu aja. Ngati a hediwo amvera, kapena malowo alonjeza kale munthu wina, sindikudziwa. Mpaka pamene ndikulemba pano sitinamve.

Tsono inu nonse munali zii pa gulu lija, tsegulani mafoni anu muone zimene munatumiza Lamlungu. Kumudzi kwanuko, ndani wayamba kale kutsanzika pantchito chifukwa cha inu?