Mkuyu umene ndinadula pamphambano

Pamphambano pathu ku Chitipa kuno, pomwe msewu wopita ku Chisenga umapatukira, panali mkuyu waukulu pakati penipeni. Palibe anaubzala. Misewu ndiyo inaupeza pamenepo, n'kumauzungulira. Lole ikamachokera kumalire, dalaivala ankaponda buleki, kukhota pang'onopang'ono, kenako n'kupitirira. Amayi ogulitsa nthochi za ku Misuku ankawoloka ndi madengu pamutu osathamanga. Mtengo umenewo ndinaudula ndine.

Nthawi ya chipani chimodzi, pansi pa mkuyuwo ndi pomwe ankatiimitsa kutifunsa makhadi a chipanicho. Wopanda khadi ankamukhazika pamizu mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinakhalapo kawiri. Choncho matipate atabwera, nditayamba kunena kuti mtengo wa ukapolo uja uyenera kugwa, anthu anandimvera msanga. Koma mumtima ndinali ndi zina. Ndinali nditaumba njerwa zomangira golosale pakona pomwepo, nkhuni zootchera uvuni ndilibe. Mkuyu si nkhuni zabwino, koma unali waukulu, unalinso pafupi. Tinaugwetsa Loweruka masana anthu akuimba. Utauma, ndinaututira ku uvuni wanga, ndipo palibe anafunsa.

Golosale itatha, pakhonde pake panabwera telala wina wochokera ku Ntcheu, amene anakwatira mayi wa kwathu n'kukhazikika kuno kalekale. Tinagwirizana ngati pachibale. Iye ankaseka Chichewa changa, ine ndinkaseka Chitumbuka chake. Mkazi wake ankagulitsa nthochi tsidya la msewu.

M'mawa wina mayiyo ankawoloka kudzapatsira mwamuna wake tiyi. Lole yonyamula chimanga inabwera molunjika, n'kudutsa ndendende pomwe panali mtengo paja. Ine ndinali kuseri kwa kauntala. Ndinamva phokoso, kenako ndinaona chivindikiro cha ketulo chikugubuduka kubwera chakukhonde.

Dalaivala anamangidwa, ndipo aliyense anatukwana dalaivalayo. Za mkuyu palibe anatchula. Pamaliro, monga mwa mwambo, tinayala masamba pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Nthambi zake ndinathyola ndine. Masiku atatu amenewo ndinaona galimoto iliyonse ikufika pamasamba paja n'kuyenda ngati ngolo, okwera njinga akutsika n'kumakankha. Ndinazindikira chimene maso anga ankandiuza. Sabata itatha telala anabwereranso pamakina ake, pakhonde langa lomwelo, atatembenuza mpando kuti msewu ukhale kumbuyo kwake.

Sukulu ndinayamba ndili kale ndi zidzukulu, ya kwacha ija. Tsiku lolandira masatifiketi ndinavala jekete losokedwa ndi telala yemweyo. Chifukwa choti ndinkatha kugwira cholembera ndiponso ndinali wamkulu, anandisankha kukhala mlembi wa komiti ya pamsika. Ndinkanyada nazo kwambiri. Cholembera ndinkachikoleka pathumba lakumtima kuti chizioneka.

Zaka zinapita, phula linafika, njinga zamoto za kabaza zinachuluka ngati ngumbi. Pamphambano panayamba kugwa ngozi pafupipafupi. Tsiku lina kunabwera anthu a zamisewu, motsogozedwa ndi mayi wina injiniya, ndipo tinasonkhana m'kalasi ya pasukulu ya pulayimale. Mayiyo anamata mapepala awiri pabolodi. Loyamba linali la maloboti, nyali zija zimauza galimoto kuti iime kapena ipite. Lachiwiri linali la raundabauti, bwalo lapakati loti galimoto zonse zizilizungulira. Anafotokoza kuti maloboti safuna malo ambiri, koma amadalira magetsi ndiponso kumvera kwa madalaivala. Raundabauti imakakamiza aliyense kuchepetsa liwiro, afune asafune, koma imadya malo. Analoza ndi ndodo pomwe mzere ungadutse. Unadutsa pakhonde langa ndi theka la chipinda chakumaso.

Ndinaimirira woyamba. Ndinakonza jekete, n'kuyankhula ngati munthu wowerenga.

"Ife a ku Chitipa tatsalira kokwanira," ndinatero. "Ndinapitako ku Lilongwe, maloboti ndinawaona. Anthu ophunzira amayendera nyali. Kodi tizingozungulira mpaka liti ngati ng'ombe zopuntha mawere?"

Anthu anaseka, ena anawomba m'manja. Mayi wina wogulitsa tomato anafunsa ali chikhalire.

"Adada, magetsi akathima Lachiwiri n'kudzayaka Lachinayi, nyali zanuzo muziziyatsa ndi machesi?"

"Aika sola," ndinayankha.

"Sola ija inabedwa pachipatala ija?"

Kuseka kunabukanso. Wakabaza wina anati iye nyali yofiira angaime ngati pali wapolisi basi, apo ayi wokwera amulalatira. Wina anati raundabauti isokoneza a ngolo. Phokoso linakula, mpaka telala anakweza dzanja kumbuyo kwa kalasi. Tsitsi lake linali litayera, ndipo pamisonkhano sankayankhula kawirikawiri. Anthu anamumvetsera chifukwa ankadziwa chimene msewuwo unamulanda.

"Ine za mapepala sindidziwa, a mlembi ndiwo ophunzira," anatero. "Koma ndakhala pakona paja zaka zambiri. Chikwangwani munaika, sachiona. Wapolisi akachoka, amathamanga. Chimene ndaona dalaivala wa kuno akuchimvera ndi chinthu chimene chili pamsewu penipeni. Masamba a maliro amawamvera. Kale pakati paja panali chinthu, ndipo ankachimvera."

Sanatchule kuti chinthucho chinali chiyani. Sanandiyang'anenso. Achinyamata sanamve kanthu, koma akuluakulu angapo anaweramitsa mitu. Ine ndinayamba kulemba m'kope mwanga ngati pali zoti ndilembe, koma ndinkangobwereza liwu limodzi.

Msonkhano unatha osagwirizana. Injiniya anati komiti ilembe kalata yonena maganizo a anthu, ndipo wapampando anandisiyira ine. "Mwamva mbali zonse, a mlembi. Lembani zimene zapambana." Ndikanalemba maloboti, palibe akananditsutsa. Manja anawombedwa pa mawu anga, ndipo ambiri m'komitimo sankawerenga.

Kalata ya maloboti ndinailembadi. Inakhala m'thumba la jekete masiku anayi. Tsiku lililonse ndinkatsegula golosale, kumva makina a telala akulira pakhonde, n'kuona msana wake utaloza msewu. Tsiku lachisanu ndinaing'amba, ndinalemba ina. Ndinatuluka nayo, n'kukhala pabenchi la makasitomala ake.

"Achimwene, ndikuwerengereni?"

"Werengani, a mlembi. Sukulu ija isapite pachabe."

Ndinawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Ndinalemba kuti anthu apempha raundabauti, ndipo mwini golosale ya pakona wavomera kuti khonde ndi chipinda chakumaso zigwetsedwe. Telala anamvetsera ulusi uli kukamwa.

"Ndiye mwandichotsa pantchito," anatero. "Ndizikasokera kuti, pamutu panu?"

"Kuseri kuli malo."

"Kuseri kuli chimbudzi."

Tinaseka pang'ono. Kenako ndinadziwa kuti ndikapanda kunena tsiku limenelo, sindidzanenanso.

"Mkuyu uja," ndinayamba. "Sizinali za makhadi ayi. Ndinkafuna nkhuni za uvuni."

Anadula ulusi ndi mano, n'kuulavula.

"Ndinkadziwa. Tonse tinkadziwa. Utsi wa uvuni subisika, achimwene."

"Nanga osandiuza bwanji zaka zonsezi?"

"Ndikuuzeni chiyani chimene simunkachidziwa? Komanso tsiku limene munkaugwetsa ine ndinali pomwepo, ndikuimba nawo. Mayi akunyumba aja ndiwo anakana kuimba. Anati nthochi zawo zizipsa ndi dzuwa."

Ndinkayembekezera kuti anditukwana, ndipo mwina zikanandipepukira. M'malo mwake anandipatsa buluku la munthu wina kuti ndimugwirire kumapeto, iye akuyeza. Ndinagwira. Mawu oti pepani anafika pakhosi, koma ndinaona kuti ndi aang'ono kwambiri, ndipo sindinawatulutse. Mpaka lero sindidziwa ngati kumeneko kunali kulemekeza chisoni chake kapena mantha anga akale omwe aja.

Kalata inapita. Yankho linabwera loti pempho lamveka, tidikire. Tinadikira dzinja limodzi, kenako lina. Telala anadwala chifuwa, ana ake anadzamutenga kupita naye kwawo ku Ntcheu, ndipo sanabwerenso. Uthenga wa maliro ake unandipeza ataikidwa kale.

Mwezi womwewo ndinagwetsa khonde ndekha, osadikira a zamisewu. Njerwa zake zinali zomwe zija, zofiira bwino, zina zakuda m'mbali momwe moto wa mkuyu unadutsa. Ndinapempha chilolezo kwa akuluakulu a pamalopo, ndipo a kabaza anandithandiza kuzituta. Tinaziyala mozungulira pakati pa mphambano, mizere itatu kupita m'mwamba, tinathiramo dothi, n'kupaka laimu kuti zizioneka patali. Si raundabauti ya papepala la injiniya ija. Ndi kabwalo kokhota, kosalingana mbali zake. Koma madalaivala amaponda buleki.

Malole aatali amakagunda kawirikawiri. M'mawa ndimapita ndi ndowa ya laimu, kutola njerwa zomwazika n'kuzibwezera m'malo. Mawondo sakundilolanso kugwada nthawi yaitali, choncho ntchito ya mphindi zochepa imanditengera ola.

Chondivuta ndi anthu odutsa. Amaima, n'kunena kuti, "Yewo, adada, inu ndiye mumakonda dera lanu." Mphunzitsi wina anabwera ndi kalasi yonse kudzandionetsa ngati chitsanzo. Tsiku limenelo ndinaika burashi pansi, ndinawauza kuti pamene aimapo panali mkuyu, ndinaudula ndine chifukwa cha njerwa, ndipo mayi wina anafera pomwepo. Mphunzitsiyo anathokoza mwaulemu, anawasonkhanitsa ophunzira ake, ndipo ndinawaona akuwoloka awiriawiri kubwerera kusukulu, lole ya simenti itaima kuwadikira. Ndinatola burashi, chifukwa mbali yoyang'ana ku Chisenga inali isanapakidwe.