Tinalowa m'Wales Podzera Pageti

Tinanyamuka kwathu ku Oldbury, kufupi ndi Birmingham, 7 koloko m'mawa, Lachiwiri lina mu 2006. Kontrakiti yanga ya unesi ku Birmingham inali itatsala mwezi umodzi, ndipo popanda ntchito ina pemiti yokhalira m'dziko muno ikanathera pomwepo. Chipatala china ku Newport, m'dziko la Wales, chinandiitana ku intavyu ya 10 koloko.

Njira zopitira kumeneko zilipo ziwiri. Yachidule imadzera ku Monmouth, yopanda geti kapena wokufunsa dzina. Inayo imazungulira ku Bristol n'kukawoloka mlatho wa Severn, pomwe galimoto iliyonse yolowa m'Wales imaimitsidwa n'kulipira. Amuna anga, bambo a Tadala, anakulira ku Mchinji, choncho za malire sauzidwa.

"Mayi a Tadala, Wales ndi dziko lina," anatero akuika mapasipoti m'thumba la jekete. "Wodzera njira yamadulira ndi wozembetsa feteleza. Ife tikalowera pageti, atione, atilembe."

Ndinavomera, chifukwa mantha a mapepala ndinali nawo kuposa iwo.

Pamsewu waukulu wa M5 kagalimoto kathu kanayenda bwino. Cha m'ma 8 tinaima pang'ono kupitirira Gloucester, tinathira petulo wa mapaundi makumi awiri, n'kudya mandasi ndi tiyi wa m'fulasiki. Bambowo ankandiyesa mafunso a pamalire ngati mwana wa Sitandade 8.

Itakwana 9 tinafika pamphambano ya ku Bristol, ndipo dziko linaima. Magalimoto anali mbwee, ambiri a anthu ogona ku England koma ogwira ntchito ku Wales. Mzungu wina wa vani ya mapaipi anatsitsa galasi n'kutidandaulira m'Chingerezi kuti iye amalipira m'mawa uliwonse kuti akagwire ntchito, msonkho wa pamalipiro ukumudikiranso.

"Wamva? Ngakhale eni dziko amawasecha," anandinong'oneza bambo a Tadala, akuoneka okhutira.

Ine thukuta linali kamukamu. 10 koloko inatipeza pakati pa mlatho, pansi pali madzi amatope okhaokha.

Pageti tinapeza mayi wonenepa akutafuna chingamu. Amuna anga anapereka mapasipoti ndi manja awiri, kalata ya intavyu ili pamwamba. Mayiyo sanawakhudze n'komwe. Anangoloza chikwangwani cha mtengo, n'kulandira pepala la mapaundi asanu.

"Nanga chidindo?" anafunsa bambowo, chenji chili m'manja. Wa m'mbuyo anatiimbira hutala.

Tinafika kuchipatala 11 koloko itadutsa. Mlembi anapepesa mwaulemu wonse wa kuno, uja wokutsekera chitseko akumwetulira: mabwana anali atabalalika, ndipo malo anali amodzi okha. Pakhomo ndinakumana ndi Mayi Phiri a ku Bordesley Green, omwe timapemphera nawo, akuseka okhaokha.

"Asisi, ndapata job! Inu mwachedwa kuti? Ine ndinangodraiva straight pa Monmouth, mwaulere."

Ndinawafunira mafuno abwino, koma kunena zoona mtima unandiwawa kwambiri.

Pobwerera tinadzera ku Monmouth konko. Malire ake ndi kachikwangwani m'mbali mwa msewu, nkhosa zikudya udzu uku ndi uku. Bambo a Tadala anachepetsa liwiro, n'kuyang'ana kumanzere ndi kumanja.

"Ndiye palibedi wapolisi?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinali kuganiza za momwe ndikamuuzire Tadala kuti mwina sukulu akamalizira ku Mchinji.